PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KUKONZA TSIKU LATHU POKHALA NDI MATENDA OKHALITSA

Mwezi uno tikambirana m'mene munthu amene ali ndi matenda okhalitsa angakonzere tsiku lake, kuyambira pamene tambala walira mpaka nthawi yokagona. Phunziroli ndi la aliyense, kaya ali ndi kachirombo ka HIV kaya alibe, chifukwa palibe mudzi umene mulibe munthu wakumwa ma ARV, wodwala shuga, BP, mphumu kapena khunyu. Mwina munthuyo ndi inu nomwe, mwina ndi mayi anu, mwinanso ndi mng'ono wanu amene mumagona naye mphasa imodzi.

Cholinga cha phunziro

Pomaliza phunziroli, membala aliyense athe:
1. Kufotokoza chifukwa chake zochita za tsiku ndi tsiku zili mbali ya chithandizo.
2. Kujambula tsiku lake ndi kupeza malo amene pamavuta.
3. Kuyamba chizolowezi chimodzi chabwino ndi kuchisunga.
4. Kuthandiza wodwala popanda kumulanda ntchito zimene angathe yekha.

Zofunika: bwalo losesa bwino, timitengo tojambulira pansi, timiyala, njere za chimanga ndi za nyemba. Nthawi: maola 2.

Kwa wotsogolera: musanayambe, kumbutsani gulu kuti palibe amene akakamizidwe kuulula matenda ake kapena a m'bale wake. Zimene zayankhulidwa pakalabu zithere pakalabu pomwepo.

GAWO 1: MASIKU 4 KUCHIPATALA, MASIKU 361 KUNYUMBA

Matenda a Edzi anapezeka koyamba m'Malawi muno m'chaka cha 1985. Makolo anu akukumbukira zaka za m'ma 1990, pamene munthu akangomva kuti ali ndi kachirombo ankayamba kutsanzikana ndi abale. Zinthu zinayamba kusintha mu 2004 pamene boma linayamba kupereka ma ARV aulere. Mu 2011 amayi onse oyembekezera ndi oyamwitsa amene ali ndi kachirombo anayamba kulandira mankhwala a moyo wonse. Kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala osadikira kuti adwale kaye, ndipo kuyambira 2019 anthu ambiri anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, piritsi limodzi patsiku. Lero anthu pafupifupi 1 miliyoni m'dziko muno ali ndi kachirombo ka HIV, ndipo ambiri mwa iwo akulima, akuphunzira, akukwatira ndi kubereka ana opanda kachirombo.

Choncho HIV yalowa m'gulu la matenda okhalitsa, amene sachiritsika koma amagonja munthu akamatsata chithandizo. M'gulu lomweli muli shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu ndi khunyu. Ena amawatchula kuti matenda a mgonagona. Dzinali lisatipusitse. Munthu wa matendawa sanalembedwe kuti azingogona pamphasa.

Tsopano tiyeni tiwerengere limodzi. Munthu amene akumwa bwino ma ARV amapatsidwa mankhwala a miyezi 3, ena a miyezi 6. Ngati amapita kuchipatala kamodzi pa miyezi 3, ndiye kuti amaonana ndi adokotala masiku 4 okha pachaka. Masiku 361 otsalawo ali kunyumba, kumunda, kudimba, kusukulu kapena pa kabaza. Adokotala sangabwere kudzamudzutsa kuti amwe piritsi. Sangabwere kudzaona mchere umene wathiridwa m'ndiwo. Ntchito yaikulu yosamala thanzi imachitikira pakhomo.

Piritsi likamadumphidwadumphidwa, kachirombo kamachulukananso m'magazi, chitetezo chimatsika, ndipo kachiromboko kangayambe kusamva mankhwala. Wa BP akasiya mankhwala chifukwa choti mutu wasiya kupweteka, mapeto ake akhoza kukhala sitiroko. Kawirikawiri anthu oterewa amaufuna moyo wawo ndithu. Chimene chavuta ndi chakuti tsiku lawo lilibe malo a mankhwalawo.

GAWO 2: AKATSWIRI A ZOCHITA ZA TSIKU NDI TSIKU

Kuchipatala kuli gulu la akatswiri amene ntchito yawo ndi yoona zimenezi. Pa Chingerezi ntchitoyi amaitchula kuti occupational therapy, ena amangoti OT. Ndi chithandizo chodzera m'ntchito zimene munthu amagwira tsiku ndi tsiku. Bungwe loyamba la akatswiriwa linakhazikitsidwa ku America mu 1917, ndipo ntchito yawo inakula pothandiza asilikali ovulala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Asilikaliwo ankapatsidwa ntchito zamanja monga kuluka ndi ukalipentala, ndipo zinaoneka kuti manja awo ankalimba, mtima nawo nkumakhala m'malo. Bungwe lawo la dziko lonse linayamba mu 1952, ndipo pa 27 Okutobala chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira ntchito yawo.

Ambiri timadziwa anthu a mafizo. Wa mafizo amalimbitsa mkono umene wafooka. Wa OT amafunsa kuti, "Mkonowu mukufuna muzichita nawo chiyani?" Yankho likhoza kukhala kutsina nsima, kumanga chitenje, kugwira khasu kapena kulemba mayeso. Akamva yankholo, amayamba kufufuza njira yoti munthuyo afikire pamenepo.

Kuno kwathu akatswiriwa ndi ochepa kwambiri, ndipo amapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe, Kachere ku Blantyre, chipatala cha matenda a m'maganizo ku Zomba ndi St John of God ku Mzuzu. Kuchokera pa boma la Mchinji kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 110, ndiye muonjezerepo ulendo wochokera kuno kwa Kapondo. Si aliyense angakwanitse thiransipoti yake. Koma kaganizidwe kawo tingakaphunzire ndi kukagwiritsa ntchito m'mudzi mwathu.

Iwo amagawa zochita za munthu patatu:

Kudzisamalira: kusamba, kuvala, kudya, kupita kuchimbudzi, kumwa mankhwala, kugona.
Ntchito: kulima, kuphika, kutunga madzi, sukulu, geni, ganyu.
Zosangalatsa: mpira, bawo, kwaya, gule, kucheza ndi anzathu, kupemphera.

Zitatuzi zili ngati mafuwa. Limodzi likachoka, mphika umapendekeka.

Ntchito ikamavuta, iwo amafunsa mafunso atatu. Kodi vuto lili mwa munthuyu, monga kutopa, kuiwala kapena mantha? Kodi lili m'kagwiridwe ka ntchitoyo kapena m'chida chimene akugwiritsa ntchito? Kapena lili pamalo ndi anthu omuzungulira? Nthawi zambiri matendawo sitingawachotse, koma kagwiridwe, chida ndi malo tingazisinthe lero lomwe.

GAWO 3: TIJAMBULE TSIKU LATHU (ntchito ya pagulu, mphindi 30)

Aliyense ajambule mzere wautali pansi. Mbali imodzi ndi kutuluka kwa dzuwa, pakati ndi dzuwa lili paliwombo, mbali inayo ndi nthawi yogona. Ikani kamwala pa ntchito iliyonse yolemetsa, njere ya chimanga pa nthawi iliyonse imene mumadya, ndi nyemba pa nthawi yopuma kapena yosangalala. Jambulani tsiku la dzulo m'mene linalili, osati m'mene mumafunira kuti likhalire.

Kenaka khalani awiriawiri ndi kufunsana:
- Miyala yaunjikana pati?
- Kodi kuchokera podzuka kufika pa njere yoyamba ya chimanga papita maola angati?
- Nyemba zilipo zingati? Ngati palibe, n'chifukwa chiyani?
- Ndi chinthu chiti chimene mumachita tsiku lililonse osaphonya, ngakhale pa Sabata kapena tsiku la maliro?
- Mutakhala kuti mukumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, mungawaike pati pa mzerewu?

Wotsogolera aonetsetse kusiyana kwa mizere ya atsikana ndi ya anyamata. Kawirikawiri mzere wa mtsikana umadzaza miyala kuyambira mbandakucha: kusesa, kumjigo, kuphika, kumunda, nkhuni, kuphikanso. Ngati pakhomo pali wodwala, ntchito yomusamala imagweranso iye. Funsani anyamata kuti ndi miyala iti imene angasamutsire pa mzere wawo.

GAWO 4: KUMANGIRIRA CHIZOLOWEZI CHATSOPANO PA CHAKALE

Funso lachinayi lija ndi lofunika kwambiri. Chizolowezi chatsopano chili ngati nyemba zoyanga: zimafuna phesi la chimanga loti ziyangirepo. Phesilo ndi chinthu chimene mumachita kale osaganizira, monga kusukusula kumaso, kutsegulira nkhuku kapena kupinda mphasa. Musanene kuti, "Ndizimwa mankhwala m'mawa." Nenani kuti, "Ndikangosukusula, ndimwa piritsi ndisanagwire khasu." Ikani botolo ndi kapu ya madzi pafupi ndi pamene mumachitira chinthucho, koma poti ana sangafikire, posatentha ndi posanyowa.

Amene ali ndi foni akhoza kutchera alamu. Koma foni imatha moto ndipo imabwerekedwa, ndiye isakhale yokhayo. Ena amadalira pulogalamu ya pa wailesi ya Mudzi Wathu imene amamvera tsiku lililonse. Ena amachonga pa kalendala. Ena ali ndi munthu mmodzi wokhulupirika amene amagwirizana naye mawu achinsinsi, monga, "Kodi nkhuku zija wazipatsa madeya?" Anthu ena akamva saganiza kanthu.

Mfundo zina zoyenera kudziwa:

Azaumoyo ambiri amalangiza kumwa mankhwala a dolutegravir m'mawa, chifukwa anthu ena amasowa tulo akamwa usiku. Mankhwalawa akhoza kumwedwa ngakhale munthu asanadye, choncho musasiye chifukwa choti pakhomo palibe ufa.

Kwa wodwala shuga nkhani ndi yosiyana. Amene amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi ena otsitsa shuga sayenera kupita kumunda osadya kanthu, chifukwa shuga angatsike kwambiri mpaka kukomoka. Aziyenda ndi kachinthu kotsekemera m'thumba.

Mapiritsi oonjezera magazi ndi mankhwala ena a chilungulira amasokoneza kalowedwe ka dolutegravir m'thupi akamwedwa molakwika. Atsikana amene mumalandira mapiritsi oonjezera magazi, auzeni akuchipatala kuti akuuzeni kamwedwe kake.

Mukaiwala piritsi, musamwe awiri pakamodzi. Funsani akuchipatala pasadakhale zoyenera kuchita tsiku limene mwaiwala.

Kodi chizolowezi chimakhazikika pakapita masiku angati? Kafukufuku wa ku University College London wa mu 2009 anapeza kuti pakatikati pamatenga masiku 66. Ena zinawatengera masiku 18 okha, ena miyezi yoposa 8. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikugwetsa chizolowezi chimene chikumangidwa. Izi sizikutanthauza kuti kudumpha mankhwala kulibe vuto ayi. Tanthauzo lake ndi lakuti mukalakwitsa lero musataye mtima nkunena kuti, "Basi ine ndalephera." Mawa lake yambiraninso pomwe munalekera. Ndipo yambani ndi chizolowezi chimodzi. Wofuna kusiya fodya, kuchepetsa mchere, kugona msanga ndi kuyamba kuthamanga zonse sabata imodzi amathera panjira. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

GAWO 5: KUSUNGA MPHAMVU

Munthu amene wangochira kumene TB, amene ali ndi magazi ochepa, kapena amene ali ndi vuto la mtima amatopa msanga. Anthu oterewa amalakwitsa m'njira ziwiri. Ena amangogona tsiku lonse, thupi nkumafookerafookera. Ena tsiku limene adzuka bwino amalima ndime yonse kuti anthu asawanene ulesi, kenaka nkugona masiku atatu. Mphamvu zili ngati chimanga cha m'nkhokwe. Wanzeru amatapa moyeza kuti chifike pokolola.

Njira zinayi zosungira mphamvu ndi izi:

Sankhani. Pa ntchito za lero, ndi iti imene singadikire, ndi iti ingadikire mawa, ndi iti ingagwiridwe ndi wina?

Konzekerani. Ntchito yolemetsa igwiridwe m'mawa dzuwa lisanakwere. Musaike ntchito zolemetsa ziwiri motsatizana. Tsiku lochapa lisakhale tsiku lopita kuchigayo.

Pumani musanatope. Palirani mizere 5, khalani pamthunzi, imwani madzi, kenaka pitirizani. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20. Kutunga malita 10 kawiri, kapena kumangirira chigubu pa njinga nkumakankha, kumateteza msana ndi mtima.

Khalani pansi ngati n'kotheka. Kusenda mtedza, kutonola chimanga, kusankha soya, kusoka fodya ndi kutsuka mbale zonse zimatheka munthu atakhala pampando, zinthu zili pa msinkhu wa m'chiuno.

Mphamvu zikamabwerera, ntchito ionjezeredwe pang'onopang'ono. Sabata yoyamba kuyenda kuzungulira nyumba, yachiwiri kukafika pamjigo, kenaka kudimba. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti akuluakulu azigwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pasabata, ndipo ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 17 mphindi 60 patsiku. Kulima, kupalasa njinga ndi kuvina zonse zimawerengedwa.

GAWO 6: SINTHANI CHIDA, SINTHANI MALO

Mapazi a dzanzi. Anthu ena a shuga, ena amene ali ndi HIV, ndi ena amene anamwapo mankhwala akale a stavudine amamva dzanzi kapena kuotcha kumapazi. Phazi lotere limalasidwa ndi minga mwini wake osamva, ndipo kabala kakang'ono kangakule mpaka mwendo kudulidwa. Chizolowezi chopulumutsa ndi ichi: madzulo aliwonse sambani mapazi, pukutani pakati pa zala, ndipo yang'anani kunsi kwake kukadawala. Musapite kumunda opanda nsapato. Kutumulani nsapato musanavale. Madzi osamba ayeseni ndi chigongono. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye musayandikitse mapazi kumoto poothera.

Sitiroko. Kafukufuku wa boma wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. N'chifukwa chake m'midzi mwathu tikuona anthu ambiri ofa ziwalo mbali imodzi. Kulungani malegeni pa chogwirira cha supuni kuti chinenepe, dzanja lofooka lizitha kugwira. Boolani mpando wakale pakati ndi kuuika pa dzenje la chimbudzi, ndipo zikani mtengo wolimba pambali woti azigwira podzuka. Zikani nsungwi ziwiri zolimba motsatana kuti aziphunzirira kuyenda atagwira uku ndi uku. Povala malaya ayambe ndi mkono wofooka, povula ayambe ndi wamphamvu. Za mchere, WHO imati munthu asapyole magalamu 5 patsiku, imene ndi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo mchere wa mu usipa wouma ndi wa pa chiwaya. Njira yosavuta ndi kusiya kubweretsa mchere pamphasa yodyera.

Khunyu. Khunyu ndi matenda a mu ubongo. Sapatsirana kudzera m'malovu, m'thovu kapena pomugwira munthu, ndipo mankhwala ake alipo kuchipatala. Choopsa chachikulu ndi moto ndi madzi. Wa khunyu asaphike yekha pa mafuwa. Mbaula ya chitetezo kapena pophikira pomangidwa mokwera ndi pabwino, wina ali pafupi. Asapite yekha kuchitsime kapena kumtsinje, ndipo asakwere mumtengo. Kusagona mokwanira, mowa ndi kudumpha mankhwala zimaputa kugwa. Akagwa, chotsani zinthu zomuvulaza, ikani chitenje kumutu, ndipo kugwedezeka kukatha mugonekeni chammbali. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa. Kupatula apa, mulekeni apite kusukulu, alime, asewere ndi anzake.

Mphumu. Utsi wa kukhitchini, fumbi la posesa ndi la m'chigafa cha fodya zimayambitsa kubanika. Phikirani podutsa mphepo, wazani madzi musanasese, ndipo wa mphumu apatsidwe ntchito ya panja.

GAWO 7: CHIFUNDO CHIMENE CHIMAPWETEKA

Kuno kwathu munthu akadwala timamuchitira zonse. Timamudyetsa, kumusambitsa, kumuveka, nkumuuza kuti, "Inu gonani, musavutike." Timachita izi chifukwa cha chikondi. Koma dzanja limene siligwira kanthu limauma, ndipo munthu amene alibe chochita amayamba kudziona ngati katundu pakhomo. Lamulo la akatswiri aja ndi lakuti: chimene munthu angathe yekha, achite yekha, ngakhale zitenge nthawi. Chimene angathe theka, muthandizeni theka linalo.

Anthu awiri ayeserere kukambirana uku:

Agogo: Iwe, tandidyetsa phalali. Dzanja langali linatha ntchito.
Mdzukulu: Agogo, supuni ija ndaikulunga malegeni, taigwirani muone. Ine ndigwira mbale.
Agogo: Nditayira pansi, ufa wake uti?
Mdzukulu: Likatayika pang'ono palibe kanthu, agogo. Yesani masupuni atatu okha, otsalawo ndikuthandizani.
Agogo: Mwana iwe ndiwe wamakani ngati amako.
Mdzukulu: Eya, agogo. Mukatha mundithandize kusenda mtedza uja, inu ndi amene mumadziwa kusankha wa mbewu.

Funsani gulu: mdzukuluyu wachita chiyani kuti agogo asamve ngati akuwakaniza chithandizo? N'chifukwa chiyani watchula za mtedza wa mbewu?

GAWO 8: TSIKU LIKASINTHA

Anthu ambiri sasiya mankhwala pa tsiku wamba. Amasiya pamene ndondomeko ya tsiku yasokonezeka. Kuno ku Mchinji nthawi zake timazidziwa. Mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala anthu amalawirira kumunda kusanache. Mu Januwale ndi Febuluwale, njala ikafika, achinyamata ambiri amapita kukagwira ganyu m'maesiteti kapena kuwoloka malire kupita m'minda ya ku Zambia, cha ku Chipata. Pali maliro ogonera masiku awiri kapena atatu, pali kupita ku sukulu yogonera komweko, ndipo pokolola ndalama za mtedza, soya ndi fodya zikalowa m'thumba, mowa umachuluka pa msika.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 19 amene akumwa ma ARV. Wamva kuti tsidya lina kuli ganyu ya miyezi 3, ndipo lole inyamuka mawa. M'botolo mwatsala mapiritsi 12. Akuopa kunyamula botololo chifukwa limachita phokoso m'chikwama, ndipo azikagona chipinda chimodzi ndi anzake. Akapanda kupita, kwawo agona ndi njala. Akapita chonchi, pakatha masiku 12 alibe mankhwala.

Gawani gulu patatu. Gulu lililonse limuthandize pogwiritsa ntchito mafunso atatu aja: munthu, kagwiridwe ndi malo. Mayankho ena amene angatuluke ndi awa. Apite kuchipatala ulendo usanachitike, ngakhale tsiku lake lisanakwane, akafotokoze za ulendowo ndi kupempha mankhwala okwanira. Ndi bwino kutsalira lole ya mawa nkukwera ya sabata yamawa. Anyamule kabuku kake ka kuchipatala atakakulunga m'pepala la pulasitiki, kuti akasowa mankhwala akaonetse pa chipatala chapafupi. Akulunge botolo mu sokosi kuti lisamveke. Asankhe phesi latsopano loyangirapo chizolowezi chake, monga nthawi yopita kukasamba. Asabwereke kapena kugawana mapiritsi ndi mnzake.

Kumbukirani malamulo awa a paulendo: kabuku, botolo, ndi mapiritsi a masiku oposa amene mukuganiza kuti mukakhala. Wopita kumaliro a tsiku limodzi atenge a masiku atatu.

GAWO 9: FUWA LACHITATU

Zosangalatsa si kutaya nthawi. Wachinyamata amene wauzidwa kuti ali ndi kachirombo nthawi zambiri amayamba wasiya mpira, kwaya ndi kucheza, kenaka mankhwala. Mukaona mnzanu wasiya zimene ankakonda, akudzipatula, sakudya kapena sakugona kwa masabata awiri kapena kuposa, musamuseke. Muyendereni, mutengeni ku bwalo la mpira ngakhale akangoonerera, ndipo mulimbikitseni kukaonana ndi azaumoyo. Akayankhula zofuna kudzipha, musamusiye yekha ndipo uzani wamkulu wodalirika tsiku lomwelo.

A Baylor anayambitsa Teen Club ku Lilongwe, kumene achinyamata amene ali ndi HIV amakumana, kusewera, kuphunzira ndi kulandira mankhwala tsiku limodzi. Njirayi inafalikira m'zipatala zambiri m'dziko muno. Funsani pa chipatala chanu ngati gulu lotere lilipo.

Pali nkhani ina yolimbitsa mtima. Munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika mpaka kachirombo kusaonekanso poyeza magazi sapatsira mnzake kachiromboko pogonana. Izi zimadziwika poyezetsa viral load, osati poyang'ana nkhope. Makondomu amafunikabe poteteza mimba zosakonzekera ndi matenda ena opatsirana pogonana. Choncho piritsi la m'mawa uliwonse likuteteza sukulu yanu, banja lanu la mtsogolo ndi ana amene mudzabereke.

PITANI KUCHIPATALA MSANGA NGATI:
- pakamwa papotoka, mkono kapena mwendo wafooka mwadzidzidzi, kapena mawu sakumveka;
- kugwa khunyu kwapitirira mphindi 5 kapena kukubwerezabwereza;
- bala la kuphazi likutupa, likununkha kapena silikupola;
- munthu akutsokomola, akutentha thupi, akutuluka thukuta usiku kapena akuwonda;
- mutu ukupweteka kwambiri, khosi lauma, kapena munthu wasokonezeka;
- munthu akubanika ngakhale atakhala pansi.

Zimene taphunzira pano sizilowa m'malo mwa mankhwala. Musasiye mankhwala chifukwa cha zitsamba, mapemphero kapena chifukwa choti mukupeza bwino. Amene ali ndi m'bale wofa ziwalo kapena mwana wolumala afunse mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo za m'mene angakaonanirane ndi anthu a mafizo kuchipatala cha boma.

MAFUNSO OKAMBIRANA
1. Ndi ntchito ziti m'mudzi mwathu zimene anthu odwala matenda okhalitsa amaletsedwa popanda chifukwa chenicheni?
2. Kodi mtsikana amene akusamala mayi ake odwala angathandizidwe bwanji kuti asasiye sukulu?
3. Kodi kusalana kumasokoneza bwanji nthawi yomwera mankhwala pakhomo, kusukulu ndi kuganyu?
4. Ndi zida ziti zothandizira odwala zimene kalabu yathu ingapange ndi nsungwi, matabwa ndi malegeni?

NTCHITO YA KUNYUMBA

Membala aliyense asankhe chizolowezi chimodzi chaching'ono ndi phesi lake, nkuchilemba motere: "Ndikatha kuchita chakuti, ndizichita chakuti." Asankhe mnzake mmodzi woti azifunsana naye sabata iliyonse. Kalabu yonse ipemphe chilolezo kwa a mfumu ndi kwa banja limodzi limene lili ndi wodwala kapena wokalamba, ndipo ifunse mwini wakeyo kuti, "Ndi ntchito iti imene mukufuna mutamaichita nokha?" Mverani yankho lake musanagwire chikwanje kapena hamala. Mutu umodzi susenza denga.

Pa msonkhano wa mwezi wamawa aliyense adzafotokoze masiku amene anakwanitsa, masiku amene zinavuta ndi chimene chinavutitsa. Alembi a makalabu, tilembereni zimene mwapanga ndi mafunso amene gulu lalephera kuyankha, kuti makalabu ena aphunzirepo.